Khutu la Evelio

Kanayamba Lachiwiri, titangodutsa mlatho wa ku Matanzas,
alendo anayi kumbuyo ali kalikiliki kujambula nyanja,
ine mtima uli pansi pa boneti:
tiki, tiki, tiki,
ngati chikhadabo chogogoda pa tambula.

Chevrolet ya 1953, yobiriwira ngati peyala losapsa.
Bambo anandisiyira pamodzi ndi ngongole ziwiri.
Ndiyo imatidyetsa.
Ikatsokomola, m'nyumba tonse timagwira pachifuwa.

Evelio anafika mamawa, khofi ali m'kabotolo ka mankhwala.
Khutu lamanzere analisiya ku fakitale ya shuga,
koma lamanja limamva ngakhale nyerere ikamatafuna.
Sanakhudze sipanala. Anavundikira ndowa n'kukhalapo.
"Liza, Odalys. Usaponde moto.
Isiye inene yokha mlandu wake."

Kenako mafunso, ngati kuchipatala.
Kamalira injini ikazizira kapena ikatentha?
Ukaponda moto, kamathamanga nawe?
Oyilo unathira liti? Unam'tenga kuti?
Apa ndinayang'ana zala zakuphazi.
Anali oyilo wa thirakitala,
wogula kwa msuweni amene safunsidwa mafunso.
Evelio anamutikita pakati pa zala, n'kumununkhiza.
"Tchimo ndi tchimo, koma si ili."

Anadula mpini wa tsache la amayi.
Nsonga ina pa chitsulo, ina pa khutu lamoyo lija,
maso atatsinzina,
anayenda nawo pang'onopang'ono ngati wakhungu pakhoma:
pa pampu ya petulo, pa jenereta,
pa chivundikiro cha mavavu, apo anaima nthawi yaitali.
Tinatsegula. Mavavu khumi ndi awiri,
mpata wa iliyonse tikuyeza ndi lezala lakale.
Awiri anali olekerera. Tinamanga.
Ndinaliza ndikumwetulira kale.
Tiki, tiki, tiki.

Masana tinavula fanibeluti. Sikanasiye.
Usiku magetsi atazima m'dera lonse
tinasuzumira mumdima, mitu itagundana,
kufuna kamoto kothawa pa waya wa pulagi.
Kunali bii.

Sindinagone.
Ndinawerenga zonse zimene zingafe mkatikati,
kumene dzanja silifika:
pisitoni, beringi, zitsulo zosagulitsidwa pa chilumba chino,
zimene umadikira kuti galimoto ya mnzako ife
kuti yako ipume.

Tambala asanalire kachiwiri Evelio anagogoda.
"Dzulo masana kanachepa. Unamva?
Chitsulo chikatentha chimatupa, n'kutseka pakamwa.
Liza msanga isanafunde."
Anayatsa ndudu yake yonenepa,
n'kuuzira utsi m'mbali mwa injini,
kumene mapaipi a ekizozi amayamwa.
Utsi unayenda bwinobwino, mwaulesi,
kenako pa paipi yachitatu unadzidzimuka,
kudumpha, kudumpha,
motsatira tiki aliyense.
Pansi pake kamzere ka mwaye, kopyapyala ngati nsidze.

Mabawuti anayi adzimbiri anatidyera m'mawa wonse.
Chotuluka pamenepo sichinali gasiketi ya m'sitolo.
Chinali chitini cha mkaka, chophwathika,
chodulidwa ndi sizasi,
zilembo zitatu zikuonekabe pansi pa mwaye,
m'mphepete mokhota kumanzere
monga bambo ankadulira chilichonse,
ngakhale tsitsi langa.

Evelio anachitembenuza padzuwa.
Mng'alu wake unali waung'ono kuposa njere ya mpunga.
"Ndinalipo tsiku limenelo," anatero.
"Iwe unali kumsana kwa amayi ako.
Anati chigwira mpaka Loweruka."

Zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Ndinalowa m'nyumba kukafuna chitini china.
Mkaka wake tinathira m'khofi.
Evelio anandipatsa sizasi, iye n'kubwerera pa ndowa,
khutu lakufa atalozetsa kwa ine
kuti asamve ndikufwenthera.

Tsopano injini imangong'ung'udza, tiki kulibe.
Chitini chakale chili m'bokosi la kutsogolo, pamodzi ndi laisensi.
Pa mabampu a msewu wa ku Cárdenas
chimagunda sipanala yaing'ono,
ndipo sindinachikulunge m'nsanza.