Waya wa ku Redditch

Kuno ku Redditch makolo a anzangawa ankasula singano ndi mbedza.
Ife timapota waya.
Yanga ndi yoyeza:
kutola sipuling'i m'thireyi,
yaifupi ngati chala changa chachikulu,
kuifinya pamakina, kuwerenga nambala,
kutola ina.
Pofika teni koloko zala zimanunkha oyilo,
tiyi atazizira kale pawindo.

Galimoto yakeyo sindinaikwerepo.
Amaimanga kummwera, m'chinyumba cha magalasi
momwe akuti pansi pake mungadyerepo.
Mtengo wake ungagule nyumba imene ndimachita lendi,
ya aneba kumanja, ya aneba kumanzere,
n'kutsalako chenji.

Chaka chatha eni ake anabwera nkhope zili gwa.
Injini yatsopano, akaiponda mpaka pansi,
inkathyola masipuling'i ngati timitengo ta machesi.
Zidutswa anazibweretsa m'kajumbo,
monga mmene munthu amatengera dzino kwa dokotala.

Mayi Harbans anaziika pansi pa galasi lokulitsa,
nakhala duu masiku atatu.
Lachinayi m'mawa, chikhoti asanavule, anati:
“Mng'alu ukuyambira pakhungu.
Wayayu sanamenyedwepo, n'chifukwa chake salimba.”
Anauwomba ndi timipira tachitsulo tonga mawere,
kenako ndi tina tosalala ngati fumbi,
mpaka khungu linakhwima
ngati chikhatho cha munthu wa khasu.

A Tandy, amene apume pantchito mu Meyi,
mawondo atawathera pa simenti yomweyi,
anasintha kapotedwe:
kunsi kotakata, kumwamba kowonda ngati chulu,
kuti mutu upepuke, usamavine wokha.
Anazijambula ndi pensulo kuseri kwa envulopu ya bilu ya gasi.
Tinataya mazana anayi asanagwedeze mutu.
Mazana anayiwo ndinayeza ndine,
ndipo kulira kwa iliyonse pogwera m'chitini
ndimakumvabe ndikamatsuka mbale.

Galimoto itatuluka, magazini inafika kukantini.
Masamba asanu ndi atatu.
Amuna a masuti atatsamira chitseko,
mawu akuluakulu otamanda mtima wa injini.
Mayi Harbans anayendetsa chala mzere ndi mzere,
anafika kumapeto, natseka,
n'kuikapo kapu yawo.
Paukwati m'manja amaombera mkwatibwi,
telala ali kunyumba, akutola ulusi pansi.

Sitili tokha.
Wina ku Coventry anawotcha mabuleki miyezi isanu ndi umodzi
kufuna kudziwa pamene amagonjera.
Wina ku Telford analuka mawaya a magetsi
kuti apepukeko ngati kulemera kwa dzira limodzi.
Dzira limodzi!
Sitidziwana, koma m'mimba mwa chilombocho
ntchito zathu zimagona mogundana.

Loweruka lina ndili pa siteji ya basi,
mvula ya kuno yosagwa yosaleka,
jumbo ya anyezi ndi sopo m'manja,
inabwera n'kuima pa maloboti.
Yachikasu, yafupi ngati yagwada.
Anyamata anatulutsa mafoni.
Ine ndinatseka maso,
chifukwa changa sichioneka ndi maso.

Makumi atatu ndi awiri, m'katimo, mumdima wotentha,
kugwada, kudzuka, kugwada, kudzuka,
ikapsa mtima kopitirira makumi asanu ndi awiri
munthu asanamalize kunena kuti “moni”.
Ndinatchera khutu ngati mayi pakhomo la kalasi
kufuna kumva ngati wake akutsokomola.

Getsi linasintha. Inang'amba msewu
n'kusiya madzi akunjenjemera m'zithaphwi.
Basi inachedwa ndi mphindi khumi ndi imodzi.

Lolemba ndinawauza a Tandy.
Sanafunse mtundu wake, kapena amene ankayendetsa.
“Pokwera mawu, sinachite chibwibwi?”
Ndinati ayi.
Anapukuta manja pa ovolosi,
nayang'ana koloko ya pakhoma,
n'kunena kuti waya wa lero wabwera ndi dzimbiri,
tiubweze.