Bedi Nambala Sikisi

Masitepe zana limodzi ndi anayi
kutsika phiri la Valparaíso,
ndodo patsogolo, ine pambuyo.
Kuchipatalako dzina langa ndi Sikisi.

Nibaldo, mnyamata wa yunifolomu yoyera,
amapinda bondo langa ndi dzanja limodzi,
linalo lili pa foni.
Ndinati zikuwawa.
Anati, “Madala, ululuwo ndiye mankhwala,”
napindanso.
Zaka makumi atatu ndinakweza katundu padoko,
ndimadziwa kulira kwa chingwe
chikatsala pang'ono kuduka.

Katani sanatseke.
Mayi wa pa bedi faifi anaona zipsera zanga zonse
nayang'ana kudenga mwaulemu.
Ola limene ndinalipira
linatha m'mphindi khumi ndi ziwiri.

Pakhoma pali chipepala chofwifwa ndi dzuwa:
muli ndi ufulu wofunsa, wokana,
woona fayilo yanu.
Ndinapempha fayiloyo. Anati Lachisanu.
Lachisanu kiyi anali ndi wina.

Lero akangogwira mwendowu ndinena:
leka, ndine Eleuterio Barría, bondoli ndi langa.
Ndakhala ndikuyeserera pa sitepe iliyonse.
Pa sitepe ya makumi asanu ndi anayi
galu wa eni anaima n'kundimvetsera mpaka kumapeto.