Chilembo Chimene Chinasowa

Chaka chija ku Meherpur
ngala za tirigu zinachita imvi zisanakhwime.
Bambo anga, a Nurul Mondol, anathyola imodzi
n'kuifikisa m'manja. Mankhusu okhaokha.
Alangizi anabwera ndi palafini,
munda unayaka mpaka usiku,
utsi n'kukakamira m'nsalu za mayi pachingwe
kwa sabata yathunthu.

Lero ndili ku Gazipur, m'labu ya pamwamba,
feni ikukhosomola,
ine ndi mdani uja tayang'anizana.
Wagona m'kambale kagalasi, wotuwa, waubweya,
wofatsa ngati mwana wa mphaka.
Ndam'sungunula. Ndikuwerenga za m'mimba mwake:
zilembo zinayi zokha,
zobwerezabwereza kufika mamiliyoni.

Mbali ina ya buku lake ndi nyumba yamakolo,
chilichonse pamalo pake,
mmene nkhungu imadyera, mmene imakulira,
palibe wasunthapo mpando chiyambire.
Koma chakumapeto kuli msika wa Lachisanu.
Tizidutswa tikudumpha mizere,
tikudzikopera, tikugwera pakati pa mawu a eni,
ndipo pali kakromozomu kakang'ono, kapadera,
kathumba ka m'chiuno
kosungiramo makiyi a zitseko za ena.

Kale ankadya udzu wa m'mbali mwa msewu,
kutali, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu.
Tirigu ankam'dziwa ndi chipsera chimodzi,
akangochiona ankatseka pakhomo.
Ndiye tsiku lina, mwangozi chabe,
mmodzi mwa ana ake anabadwa wopanda chipsera.
Sanaphunzire nzeru yatsopano ayi.
Anangotaya.
Ndafunafuna mzerewo usiku wonse:
pamene unali pali mpata,
ngati dzino lozuka.

Chakudza sichiimba ng'oma.
Ichi chinabisala m'njere, njere m'thumba,
thumba pakati pa matumba anzake.

Mayi aimba foni:
Shefali, wadya? Ukugwira ntchito yanji mpaka pano?
Ndikuti, ndikuwerenga majini a nkhungu.
Akhala kaye chete.
Kenako: Ndinanena ine kuti munda uja unali ndi majini.
Ndikuseka, koma sindikuwatsutsa.
Zosaoneka, zoyenda ndi mphepo,
zosintha nkhope pofika pakhomo:
dzina lina n'lotani?

Bambo tsopano amadzala mpiru.
Akadutsa pamunda wa tirigu wa a Hashem
amaimabe, amathyola ngala imodzi,
n'kuifikisa m'manja,
kudikira kuti amve kulemera.