Mabokosi Asanu

Ku Barnsley mdima sudikira folo koloko.
Bambo Ackroyd amapempha nyale, magalasi
ndi nyuzipepala ya dzulo;
ya lero amaikana, akuti nkhani zake sizinapole.
Zaka makumi atatu m'mgodi wa malasha,
chifuwa chimalira ngati chitseko chosowa girisi.
Ine ndimalowa ndi mapiritsi atatu pa kambale,
iwo amandilandira ndi pensulo yotafunidwa kumutu.

"Chif," amatero, poti Chifuniro ndi lalitali,
zilembo zisanu ndi zinayi sizikwana m'kamwa mopanda mano,
"mabokosi asanu. Loyamba G, awiri omaliza S.
Chinthu chosachedwa kusweka."

Ndikuchidziwa. Ndachitsuka m'mawa uno,
icho chili apo ndi madzi.
Koma lilime langa linakulira ku Mponela
kumene L ndi R amadyera mbale imodzi.
Ndimati nditchule tambula, m'kamwa munamera udzu,
glass n'kusanduka grass,
iwo kuseka mpaka kutsamwa:
"Kwanuko udzu umasweka?"
Ndinati eya, bwerani mu Okutobala
mudzaumve ukuthetheka kunsi kwa phazi.

Lachiwiri lina tinakumana ndi cloud ndi crowd,
mtambo ndi khamu la anthu.
Ndinawauza kuti kuno n'zapachibale,
zonse n'zotuwa, zonse zimadutsa osapereka moni.
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.
"Zimenezo ukazilembe."
Sindinalembe. Belu la m'chipinda chachitatu linkalira.

Pakhoma pali Doreen, atavala chipewa cha ukwati.
Matabwa anayi omuzinga aja ndi frame.
Ine ndinati flame, lawi la moto.
Tsiku limenelo sanandikonze.

Chisanu chitafika, mawu anayamba kuwathawa,
limodzi lero, awiri mawa,
ngati nkhuku zopeza chiboo kumpanda.
Ankaloza supuni, milomo n'kumanjenjemera,
ine n'kuwerenga ndi zala: asanu, bambo, loyamba S,
pakati pali ma O awiri, maso a kadzidzi.
"Spoon!" Chimwemwe ngati atola ndalama pamsewu.
Kenako chair. Kenako bread. Kenako water.
Mpando, buledi, madzi:
mawu amene ndinagula ndi fizi ya amayi,
ya mtedza wogulitsa pa sikelo yakuba,
ndinkawabwezera kwa mwini wake
limodzilimodzi, pa supuni, ngati phala.

Sindinawauze kuti nanenso akundithawa.
Pa foni mwana wanga anafunsa dzina la kambalame
kaja kamagwedeza mchira pa mjigo,
ine kukamwa yasa,
basi ya ku Sheffield ikundipemerera utsi.

Lolemba la sabata yatha ndinapeza bedi litayalulidwa,
zenera lotsekula, matiresi ali chiimire.
Mwana wawo anatenga wailesi ndi Doreen.
Nyuzipepala anaisiya, ndi pensulo yomwe.

Pansi, kudzanja lamanja, mabokosi asanu:
A, L, awiri opanda kanthu, E.
Funso lake linamizidwa ndi tiyi,
pangotsala banga lofiirira longa mapu a dziko.
Ndinayesa zilembo m'mutu, nditaimirira,
magolovesi adakali m'manja.
Alive, wamoyo.
Alone, yekha.
Onse awiri akukwana, palibe lotsalira kunja,
ndipo L uyu ndimamutchula bwinobwino
popanda wondiseka.

Sisitala anaitana kukhonde: wina watsopano afika thuu koloko,
bedi liyalidwe.
Ndinapinda pepalalo kanayi
n'kuliika m'thumba la yunifolomu, pamodzi ndi tikiti ya basi.
Lili momwemo mpaka pano.
Usiku ndikaweruka ndimalitulutsa,
pensulo n'kuima pamwamba pa bokosi lachitatu,
osatera.