Zimitsani Mafoni

Ntchito yanga inali kuwafikitsa, basi:
ana makumi atatu ndi mmodzi a sukulu ya ku Crewe,
aphunzitsi awiri, ndi ndowa ya amene angachite mseru.
Ndinkati ndikaimika ku Jodrell Bank
ndivule nsapato, ndigone pampando wakumbuyo
monga ndichitira maulendo onse a sukulu.

Koma mayi wina wa jekete lachikasu,
dzina lake Bronwen lili pachifuwa,
anagogoda pazenera mvula ikuwaza:
"Adalaivala, lowani, tiyi alipo.
Foni yokha muzimitse. Mbaleyi imamva chilichonse."

Zaka zisanu ndi zinayi sindinazimitsepo foni.
Uthenga wa maliro a ku Ntcheu suyang'ana wotchi,
umalira pakati pa usiku,
ufuna ndalama ya bokosi kusanache.
Ndinadina mpaka galasi linada bii.
M'thumba munatsala kulemera kokha.

Mbaleyo!
Yoyera mbee, yopendekeka pamiyendo yachitsulo,
mungathiremo msika wa pa Lizulu
ndi kabichi wake, ndi njinga za kabaza.
Ine ndinkayesa diso.
Bronwen anati ayi, ndi khutu:
ngakhale masana, mitambo itavindikira dziko,
iyo imangotchera.

M'chipinda anatikhazika pansi,
ine ndi mabondo anga olira pakati pa timabondo tawo,
ndipo anatsegula sipika.
Gu. Gu. Gu. Gu.
Ana anaseka. Wina anati ndi mpopi wodontha.
Ine ndinamva chigayo cha dizilo chikudzuka m'mawa wa Juni.

"Nyenyezi iyi inaphulika kalekale," anatero.
"Chotsala chake n'chaching'ono ngati mzinda,
koma chikuzungulirabe,
ndipo kugunda mukumvaku kunanyamuka kumeneko
agogo a agogo anu asanabadwe."

Kamtsikana kena, Zofia, kogweluka dzino lakutsogolo,
kanakweza mkono:
"Ngati inafa, akugogodayo ndani?"

Bronwen sanathamangire kuyankha.
Anakakhazika pampando wozungulira, tochi m'manja,
nazimitsa magetsi, nakankha mpandowo.
Kuwala kunandipeza pankhope, kunachoka,
kunandipezanso.
"Pinda manja," anatero, ndipo mwana analiwira ngati nguli,
chipinda chonse chikukuwa.

M'foni yozimayo muli mawu a mkulu wanga Akimu,
masekondi makumi anayi.
Akudandaula mtengo wa feteleza,
akufunsa ngati nthanda imatulukanso kuno,
akutsokomola, kenako akuseka chifuwa chakecho.
Anatumiza Lachiwiri, ine ndili pa shifiti.
Ndinati ndimvera mawa.
Ndinamvera Loweruka, dothi litamuphimba kale.
Mpaka lero ndikadina, amafika,
akadali wamoyo, akufunsabe za nthanda.

Izi sindinauze munthu.
Nthawi ya mafunso itakwana ndinakweza mkono,
ine bambo wa imvi pakati pa ana,
n'kufunsa kuti chitsulo chonsechi amachipenta ndani.
Bronwen anaseka mpaka kugwira tebulo,
nati alipo, anthu osaopa kutalika,
ndipo dzimbiri nalo siligona.

Pobwerera, theka la basi linali mtulo.
Zofia ankamenya zenera ndi chala, gu, gu, gu,
mawaipa akumuvomera.
Ndinadutsa Holmes Chapel foni ili chizimire,
ng'ombe zonyowa zikutiyang'ana kuseri kwa mipanda,
ndipo kumwamba kotuwako, kumene ndakhala ndikukunyoza
kuti kulibe kanthu,
kunali kodzaza ndi ogogoda.

Ndinayatsa nditafika ku depoti.
Mauthenga anayi. Palibe womwalira.
Mlongo wanga Esinala akufunsa ngati jekete lija ndinagula.
Ndinayamba kulemba, ndinafufuta.
Ndinadina kabatani ka mawu
n'kumuuza za mbale, za mwana wa tochi, za openta,
mphindi zitatu zathunthu,
injini ikuzizira, ine ndikungolankhula,
kuti akhale nawo.