Wolemba Mayina a Mitengo

Anandipatsa zitini ziwiri za utoto, woyera ndi wobiriwira,
ndi pepala la ku khonsolo lopindidwa kanayi,
nati: ukalembenso zikwangwani za m'munda wa mitengo,
dzuwa la Mangochi lanyambita zilembo zonse.

Ine Twaibu, amene ndimalemba "Ngongole Mawa" pa magolosale
ndi "Zonse Ndi Nthawi" kumbuyo kwa njinga za kabaza,
lero ndagwada pansi pa mvunguti
kukopera Kigelia africana chilembo chimodzichimodzi,
lilime panja ngati mwana wa sitandade wani.
Pamwamba panga zipatso zikulendewera ngati minsi.
Che Mkwanda, wothirira maluwa, akuti: sendera uko, mmisiri,
mtengowo sudziwa kuti uli ndi dzina la Chilatini,
ukakuponyera chimodzi tikakuonera ku chipatala.

Munda wake si waukulu.
Ukayima pa geti umamva mahutala a pa mlatho,
ndipo azana ikamveka ku mzikiti
mbalame za m'migwalangwa zimayamba zatonthola,
kenako n'kupitiriza mkangano wawo.
Akulu amalipira polowa, ana asukulu ndi ulere,
mbuzi sizifunsa.

Muli dziwe la simenti la maluwa oyandama
ndi achule amene sanalembedwe pa pepala la khonsolo.
Muli benchi imene mwendo wake wina ndi njerwa zitatu,
pomwe namwino wina amadzavula nsapato masana
n'kutsinzina mphindi khumi, osapitirira.
Loweruka akwati amadzajambulitsa pa mlambe,
mkwatibwi atakwinya diresi m'manja kuopa chisoso.
Mlambewo thupi lonse ndi mayina a anthu:
Sumaili ndi Asiyatu, mtima wolasidwa ndi muvi.
Wakula nawo, zilembo zafutukuka ngati zipsera zakale.
Kaya eni ake akadyerabe mbale imodzi.

Msangu ndinaupeza uli mbulanda pakati pa dzinja,
ndinati wauma uwu, ndisatayepo utoto.
Che Mkwanda anaseka mpaka kutsamira mpini wa khasu:
umenewo umavula anzake akamavala,
udzabwere mu Okutobala, udzaupemphe mthunzi.

Bwemba ndinalemba malovu ali m'kamwa.
Mbawa ndinalakwitsa kawiri, n'kufufuta ndi nsanza ya parafini.

Chikwangwani chomaliza ndinachipeza m'udzu, chitagwa chafufumimba.
Pterocarpus angolensis. Mlombwa.
Ndinayang'ana uku ndi uku: chitsa chokha,
chodulidwa mwaluso ndi macheka usiku wina magetsi atazima,
m'mphepete mwake madontho ofiira atauma
ngati magazi a pa bondo la mwana.
Pano mwina ndi chitseko cha munthu,
mwina bedi limene wina akugonapo tulo tabwino.
Pa pepala ulipo, anatero Che Mkwanda osandiyang'ana. Lemba.

Ndinalemba.
Ndinakhomera chikwangwanicho pambali pa chitsa,
mwala ukulira pa chitsulo ngati belu la pa maliro.

Ndipamene panafika mtsikana wa yunifolomu yabuluu,
kope m'manja, pensulo yolumidwa kumapeto.
Anawerenga mokweza, akupunthwa pa Chilatini,
nafunsa: bambo, nanga mtengowo uli kuti?
Ndikufunafuna bodza loyenera mwana,
iye anagwada, nakankha udzu ndi pensulo ija,
nandionetsa kamphukira kotalika ngati chala changa chautoto
kakusuzumira m'mbali mwa chitsa.
Masamba asanu. Anawawerenga kawiri, nalemba m'kope.

Che Mkwanda sanayankhule.
Anatenga chikwanje kukadula minga ya mthethe,
chifukwa mbuzi, monga ndanena, sizifunsa.

M'chitini munatsala utoto wa supuni imodzi.
Pansi pa Chilatini ndinawonjezera mawu
amene pa pepala la khonsolo palibe:
Osaponda, akubwera.

Ndalama zanga mpaka lero sanandipatse,
akuti bwana wosayina ali ku maphunziro ku Zomba.
Lachiwiri lililonse ndimapita kukafunsa,
ndipo pobwerera ndimadzera ku munda kuja.
Afika khumi ndi awiri.