Chigayo cha pa Santhe

Bambo anga amaima pakhomo
ngati wina wawathira simenti m'mapazi.
Dzanja limanjenjemera lokha osalituma,
koma mwendo, umene ukufunikawo, umakana.
Zaka makumi awiri akusankha fodya ku esiteti,
chiimirire tsiku lonse osadandaula,
lero mpata wa chitseko wawasandukira Bua wodzaza.

Ku chipatala cha pa Boma
tinapeza mtsikana wa yunifolomu yobiriwira, dzina lake Mwatitha.
Sanatulutse jakisoni.
Anatenga cholembera nayamba kugogoda tebulo,
go, go, go, go,
nati, A Kamphinda, musayang'ane pansi, ingomverani.
Atagogoda kachisanu chidendene chinadzuka.
Posakhalitsa anali atafika pazenera,
ine kukamwa kuli yasa.

Ndinafunsa ngati ndi matsenga.
Anaseka mpaka kutsamira kabati.
Anati m'mutu muli kanjira kachidule
kochokera kukhutu kukafika kumene miyendo imalamulidwa,
ndipo ubongo sudikira kuti ng'oma ilire,
umalosera: igunda apa, igundanso apa,
nutuma thupi kuti likaichingamire.
Ukalosera molondola umadzipatsa kamphatso,
kukoma kuja kumakugwira msana pa ukwati
usanaganize n'komwe zonyamuka.
Kawotchi ka m'kati mwa bambo anu kafooka, anatero,
ndiye tikuwabwereka ka kunja.

Pobwerera m'minibasi ndinaona anthu mwatsopano.
Kondakitala akugwedeza mutu, ndalama atazipana ndi zala.
Mayi wina, nkhuku ili pamiyendo,
chala chake chikumenya dengu mwini osadziwa.
Khanda kumbuyo, losadziwa ngakhale dzina lake,
likudumphadumpha ndi besi wa sipika yong'ambika.
Linaphunzira kuti?
Mwina m'miyezi ija linkagona pansi pa mtima wa amake,
likuyendetsedwa kupita kumjigo ndi kubwerako.

Kwathu wailesi tilibe,
tinagulitsa chaka cha ntchemberezandonda.
Koma kuseri kwa mpanda kuli chigayo cha a Chadzunda,
chadizilo, chokalamba,
lamba wake ali ndi chigamba,
ndipo chigambacho chikamazungulira chimati pha, pha, pha.
Chikangolira, bambo amadzuka pampando,
amadutsa khomo lija ngati sanakanganepo nalo,
mpaka kukhola la mbuzi, mpaka patsinde pa mango,
phewa likuchitako pang'ono zija linkachita pa mganda
ali mnyamata wa kabudula woyera.

Lachiwiri dizilo anatha.
Chigayo chinatsokomola kawiri, kenako zii.
Ndinawapeza pakati pa bwalo, phazi limodzi lili kutsogolo,
dzuwa likuwawotcha padazi,
akundiyang'ana ndi manyazi a munthu wamkulu
amene sanazolowere kupempha.

Ndinakhuthula zovala zimene ndinkachapa,
ndinavundikira beseni,
ndi manja athovu ndinayamba kumenya.
Poyamba ndinathamanga, mantha anali m'zala.
Iwo anati, Pang'onopang'ono mwanawe, undigwetsa.
Ndinachepetsa.
Ndinapeza liwiro lawo,
kapena iwo anapeza langa, sindikudziwa.
Mwatitha sanandiuze kuti womenyayo nayenso amakokedwa,
kuti phazi la wina likamatera pamene dzanja lako latera
mumakhala ngati mwasenza mtolo umodzi.

Anafika pamthunzi nakhala pansi.
Ine ndinapitirizabe kumenya beseni kanthawi ndithu,
chiuno chikupita uku ndi uku pachokha,
mpaka anandiuza, akubisa kuseka,
kuti mbuzi ikunyambita sopo.